Ndakawaona makina a hotline ku LBJ Library, si foni yofiira ayi

Loweruka lapitali alamu anga ananditengera ku LBJ Presidential Library, nyumba yosungiramo mbiri ya pulezidenti wakale wa America Lyndon B. Johnson, ku Austin, Texas, ili pa kampasi ya University of Texas pomwepo. Ine chondikoka chinali chimodzi basi, ndimafuna ndione ndi maso angawa foni yofiira ija timangoimva kuti imalumikiza Washington ndi Moscow. Abale foniyo kulibe. Chomwe aika ndi makina a teletype, ooneka ngati taipi zija zinkakhala mmaofesi a kwa DC kalekale, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka alamu anayamba kundikoka malaya.

Nkhani yake inayamba mu October 1962 pa mkangano wa mizinga ya ku Cuba, kalata ya Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union, yopita kwa pulezidenti Kennedy wa America inatenga maola pafupifupi 12 kuti ifike ndi kumasuliridwa, tangoganizani anthu ali ndi mabomba a nyukiliya mmanja koma akudikirira kalata ngati ya ku positi. Ndiye America ndi Soviet Union anasainirana pangano la makinawa ku Geneva pa 20 June 1963, pofika pa 30 August makina anayamba kugwira ntchito. Waya wake umadutsa London, Copenhagen, Stockholm ndi Helsinki kukafika Moscow, kuphatikizapo wailesi yodzera ku Tangier kuchitira kuti waya akaduka. Ndipo ankadukadi, mlimi wina wa ku Finland anamudulapo akulima munda wake.

Chomwe chinandigwira mtima nchakuti anasankha dala kulemba osati kuyankhulana pakamwa. Munthu ukapsa mtima lilime limaterereka, womasulira nayenso akhoza kuphonya liwu limodzi lokha zinthu nkuipiratu, pomwe polemba umayamba wapuma kaye. Aku America amalemba Chingerezi, aku Moscow Chirasha, aliyense nkumasulira yekha kwawo.

Makinawa akukhalira pano chifukwa Johnson ndi amene anawagwiritsa ntchito pa vuto lenileni, mu June 1967 pa nkhondo ya masiku 6 ya Israel ndi maiko a Aluya. Kosygin, nduna yaikulu ya Soviet Union, ndiye anayamba kutumiza uthenga pa 5 June. Pa 8 June sitima ya America ya USS Liberty itaphulitsidwa ndi Israel, Johnson anauza Moscow kuti ndege zomwe zanyamukazo zikungokaona za sitimayo, sizikubwera kudzamenyana ndi aliyense. Apa thupi linachita tsembwe ndithu, chifukwa popanda mau ochepawo wina akanaona ndege pa radar nkuganiza zina. Pano zinthu zinasintha, anaika fax mu 1986 kenako imelo mu 2008, koma mzerewu amauyesabe ola lililonse.

Malowo ndi aukhondo, kozizira bwino mkati pomwe kunja dzuwa la Texas likuotcha ngati la ku Nsanje, ogwira ntchito aulemu ndipo mafunso anga amayankha mosatopa. Pa nsanjika ya 10 pali Oval Office (ofesi ya pulezidenti wa America) yofanizira, ana a alamu anakonda kumeneko ndi zithunzi mbwee. Ine ndikupereka nyenyezi 5. Mukamapita patulani maola atatu, ndipo yambani mwawerengako za Cuba ndi za 1967 musanafike, apo ayi makinawo mungowadutsa ngati chitsulo chakale.