Denga lokhota la njerwa ku Harare: mvula yaonetsa pofooka

Bilu yokonzetsa denga yafika, madola 780 a ku America, ndipo ndi imene yandibweza kudzalembanso za nyumba yathu ya ku Harare. Titangolowamo ndinaiyamikira kwambiri. Tsopano yaona nyengo ziwiri za mvula.

Nyumbayi ilibe malata kapena mitengo ya denga. Ili ndi zipinda zitatu zogundana, chilichonse ndi denga lake la njerwa looneka ngati theka la mgolo, mulifupi mamita 3.25, makoma onyamula okhuthala masentimita 60. Njerwa zimayalidwa mopendekeka, mzere uliwonse kutsamira unzake, popanda matabwa ochirikiza. Kamangidweka nkakale ka ku Nubia, dera la kummwera kwa Egypt ndi kumpoto kwa Sudan, kamene katswiri wa mapulani a nyumba Hassan Fathy anakatsitsimutsa ku Egypt m'zaka za m'ma 1940. Koma ku Nubia ndi kuchipululu. Kuno timalandira mvula yoposa mamilimita 800 pachaka, yambiri pakati pa November ndi March, ndipo imagwa mwamkokomo.

Zabwino zake sizinasinthe. Mu October masana m'nyumba mumakhala mozizira popanda fani, bola usiku mutsegule timawindo ta pamwamba kuti kutentha kumene njerwa zasunga kutuluke. Mu June ndi July mawindo oyang'ana kumpoto amalowetsa dzuwa mokwanira, ngakhale chipinda cha kummwera chimafunabe bulangete lachiwiri. Mvula ikamagwa mumamvana bwinobwino polankhula. Makoma sanatseguke, denga silinatsike.

Vuto lili pakati, pamene madenga awiri amakumana. Pamenepo pamapangika ngalande, ndipo madzi a mbali zonse ziwiri amatsikira momwemo. Kontilakitala anaidzaza dothi, nkupaka pulasitala wa simenti, nkumaliza ndi penti ya phula. Sanaipendeketse mokwanira, ndipo potulukira madzi anaika paipi ya mamilimita 50. Masamba a jacaranda ochepa chabe amatseka paipi yotere, madzi nkuima padenga usiku wonse.

Simenti payokha ikanapirira, koma imauma gwa pamwamba pa dothi lomwe limafufuma likanyowa ndi kunyala likauma. Masana dzuwa limaiwotcha, usiku imazizira, choncho pamabwera ming'alu yopyapyala kwambiri, makamaka pokumana ngalande ndi khoma la kumapeto. Madzi akalowa pamenepo satulukanso msanga chifukwa simenti ndi phula zawatsekera pamwamba. Sadontha ngati pa malata obooka. Amayenda m'njerwa mwakachetechete, ndipo mumazindikira mu February penti ikamatukuka, khoma likatulutsa mchere woyera, zovala za mu wodilopu zikayamba kununkha nkhungu. Banga la mkati limaonekera patali ndi pamene madzi alowera, ndiye amene amamata pamwamba pa bangalo amangotaya ndalama.

Kukonza kwake ndi uku. Gumulani pulasitala yense wa m'ngalande mu August kapena September, musiye paume. Yalani simenti yatsopano yotsetsereka masentimita 2 pa mita iliyonse, ndipo m'makona muzungulize kuti pasakhale ngodya yakuthwa. Pakani pulaima (penti yoyamba yothandiza phula kumata), kenako yalani phula la m'mipukutu lokhuthala mamilimita 4, lija amamata ndi moto wa gasi. Mipukutu ipitirirane masentimita 10, ikwere khoma masentimita 15, mapeto ake alowe mu kamzere kogoba pakhomapo. Pamwamba penti ya siliva yoteteza ku dzuwa, yobwereza pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Paipi ikhale ya mamilimita 110, ndi ina yapadera pamwamba pang'ono yotaya madzi yoyamba ikatseka. Mkati pakani laimu. Penti ya mafuta imatsekera chinyezi m'khoma.

Amisiri amene anayala njerwa anali akatswiri, pamenepo sindingawanyoze. Amene ndakwiya naye ndi kontilakitala. Poyamba anati chinyezicho ndi cha nyumba yatsopano, chiuma chokha. Kenako anatumiza mnyamata ndi chitini cha penti ya phula. Miyezi 12 yokonza zolakwika imene tinalemba m'pangano itatha, foni anasiya kuyankha. Ndalama zinali zitaperekedwa zonse pa tsiku lolandira makiyi, ndiye panalibe chomukokera.

Achimwene ena a ku Mufakose, dera la mu Harare, andifunsa ngati amange yotere. Mu October ndikanawayankha kuti inde mosazengereza, koma ndi bilu ili m'manja ndikuti amange pokhapokha ntchito yotchinga madzi italembedwa payokha pa koteshoni, ndi makulidwe a phula komanso saizi ya mapaipi. Asunge 10 peresenti ya ndalama mpaka kumapeto kwa March, ndipo asanalipire komaliza atseke mapaipi, adzaze madzi m'ngalande kwa maola 24, aone ngati mkati mwanyowa. Kontilakitala akakana mfundo zimenezi, afune wina. Ndalama zimene tinapulumutsa posagula malata, mitengo ndi siling'i, gawo lalikulu lapita pa ngalande ziwiri zokha.