Kachipangizo kolimbitsa mapumidwe: miyezi 8 chigulireni

Dzulo titatha masewera mnzanga wa mu timu anandifunsa kuti, "Achimwene, kaja mumayamwa ngati botolo la mwana kaja, ndigule?" Ndinangoseka. Yankho lake ndi lalitali, n'chifukwa chake ndalemba.

Ndinavulala msana pa T4 (fupa la msana la kumbuyo kwa chifuwa) ndipo ndimasewera basketball ya pa wilitcheya, m'gulu la 1.0, la osewera amene thupi lawo limagwira pang'ono kwambiri. Diaphragm yanga, mnofu waukulu wopumira wa pansi pa mapapo, imagwira bwino chifukwa mitsempha yake imachokera m'khosi, pa C3 mpaka C5. Koma minofu ya pamimba ndi yambiri ya pakati pa nthiti inagona. Pofika kota yachitatu ya masewera ndinkakhala wefuwefu, ndipo kutsokomola kwanga kunali ngati kwa kamphaka.

Ndinakagula ku Kamwala pa K950. M'kati muli sipuling'i yogwira kachitseko, ndipo kuti mpweya ulowe umayenera kuukoka mwamphamvu. Ndimakoka ka 30 m'mawa, ka 30 madzulo, mphuno nditapana. A physio anati ndiyambe mopepuka, ndipo mutu ukayamba kugunda ndisiye pomwepo, poti ife ovulala kuyambira T6 kupita m'mwamba BP imatha kukwera mwadzidzidzi. Chapakamwa n'chofewa, kutsuka sikuvuta.

Chimene sindinayembekeze chinachitika mu July, kuzizira kwa mu Lusaka kutafika pachimake. Chimfine chikandigwira, amayi a kunyumba ankadzuka usiku kudzandikankha pansi pa nthiti ndi manja awiri kuti makhololo atuluke. Ulendo uno ndinakoka mpweya wodzaza chifuwa, n'kutsokomola ndekha kawiri, zonse zinatuluka. Iwo anadzidzimuka, kuyatsa tochi ya foni kumaso kwanga: "Abambo, ndinu mwatsokomola chonchi?" Usiku umenewo mukanandifunsa, ndikanati K950 ndi yochepa.

Koma kogudubuza kosinthira mphamvu kanandichititsa manyazi. Mu September ndinkadzitama kwa anzanga kuti ndafika pa 6 ndipo sindikumva kulemera. Milungu itatu yathunthu! Tsiku lina nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti ndikakoka kangapo kamabwerera kokha mpaka pa 2. Ndinatsegula, sipuling'i itachita dzimbiri, fumbi la ku Chawama litamatirira pamenepo ndi malovu. Ndiye kuti nthawi yonseyo ndinkalimbana ndi mphepo chabe.

Nditawauza za vutoli, ogulitsa aja poyamba anandilandira bwino. "Abwana, mumatsuka ndi chiyani?" Ndinati madzi ofunda, monga pepala lawo likunenera. Anati sipuling'i ina ichokera ku Johannesburg, ndiperekeretu K200. Ndinatumiza pa foni. Kuyambira pamenepo nyimbo ndi imodzi: sabata yamawa, galimoto ili pa Chirundu, sabata yamawa. Pa WhatsApp amawerenga, sayankha. Kuti ndipite ndekha ndiye kuti takisi kupita ndi kubwera, chifukwa minibasi ikaona wilitcheya imangodutsa ngati sinandione, ndipo ndalama ya takisiyo ikuposa imene ndikukalonderayo.

Panopa kogudubuzako ndinakamanga ndi lastiki ya chubu cha njinga, ndipo ndikatsuka ndimayanika mpaka kaumiretu. Kakugwira. Kota yachinayi ndikuimaliza ndikutha kukuwira anzanga kuti andipatse mpira, zomwe kale sizinkatheka.

Mnzanga uja ndamuuza kuti agule, koma kwina, ndipo afunse kaye ngati sipuling'i yapadera ili m'shopu momwemo, aione ndi maso. K200 yanga ikadali ku Kamwala, lero ndi sabata yachisanu ndi chiwiri.