Ndemanga: calha ya PVC yodzimatira, yobisiramo mawaya a masipika

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Pulasitikiyo ndi yabwino, koma guluu wake sanapangidwire kutentha kwa ku Tete.

Calha imeneyi, kangalande ka pulasitiki kokhala ndi chivindikiro, ndi yoyera, ya mamita 2 kutalika kwake, ndipo kumbuyo kwake kuli tepi yomatira. Yomwe tagwiritsa ntchito ndi ya 25x16 mm, m'chipinda chomvetsera nyimbo cha ampulifaya imodzi ndi masipika awiri a 8 ohm (ohm ndi muyeso wa kutsekereza magetsi). Mawaya awiri a 2x2.5 mm² amalowamo bwinobwino. Ya 20x10 mm ndi yooneka bwino pakhoma, koma ikafika pangodya chivindikiro chimakana kutseka chifukwa waya wonenepa sapindika msanga.

Vuto lili pa tepiyo. Pa matailosi ndi pa thabwa lopaka vanishi imagwira zolimba. Pa khoma la pulasitala lopaka laimu imamata fumbi la laimulo, osati khoma. Ikafika Okutobala ndi Novembala, pamene mumzinda wa Tete ndi ku Moatize kumatentha kupitirira madigiri 40, guluuyo amafewa, calha n'kuyamba kulendewera kuyambira kumapeto. Ku Ulongwe ndi ku Tsangano kozizira ikhoza kupirira, komabe chinyontho cha dzinja chimaimatula. Tepiyo muziitenga ngati yongogwirizira pamene mukuyeza mzere. Kenako boolani ndi chobowolera cha 6 mm, ikani mabusha (timapulasitiki togwira sikuluwu m'bowo) ndi masikuluwu pa masentimita 40 kapena 50 alionse, ndi imodzi pafupi ndi mapeto onse awiri. Samalani khoma lomwe muli waya wa magetsi: pamwamba ndi pansi pa soketi musaboolepo.

Njira yosaonekera kwambiri ndi m'munsi mwa khoma, kenako kukwera motsatira felemu ya chitseko. Kudutsa pakhomo pansi n'kudziputira mavuto, chivindikiro chimasweka ndi mapazi. Pangodya dulani ndi sowo ya mano ang'onoang'ono pa madigiri 45. Mpeni umang'amba pulasitikiyo. Mukaikwecha pang'ono ndi sandipepala, penti wa khoma amagwira ndipo mlendo sangaizindikire.

Musanatseke, onani wayayo. M'misika mwadzaza waya wooneka ngati kopa pamene m'kati ndi aluminiyamu. Palani ndi mpeni: ukatuluka woyera, ndi womwewo, ndipo umatsekereza magetsi kwambiri kuposa kopa weniweni, komanso umathothoka pa sikuluwu ya sipika. Kopa wa 2.5 mm² pa mamita 10, kupita ndi kubwera, amangokwana 0.14 ohm, zomwe khutu silingamve. Wa 1.5 mm² amafika 0.24 ohm: pa 8 ohm palibe kanthu, koma pa masipika a 4 ohm wayamba kuchepa. Mbali ya waya yokhala ndi mzere ipite ku + konsekonse, chifukwa mukatembenuza sipika imodzi besi imasowa ngati yabedwa.

Waya wa 220 V asagone m'calha imodzi ndi wa sipika. Kulira kwa "mmm" nthawi zambiri kumalowera m'mawaya a RCA (olowetsa nyimbo mu ampulifaya), osati a sipika, koma khoswe akatafuna wa 220 V ndi wa sipika pamodzi ampulifaya yapita. Mapeto a calha atsekeni ndi silikoni, apo ayi mphemvu zipezamo nyumba. Kumbuyo kwa sipika siyani waya wa theka la mita womasuka, woti muzitha kuisuntha posesa.