Filimu ya Juice WRLD kapena ya Lil Peep: muonere iti ngati bandulo ikukwana imodzi yokha?

Anzanga okonda rap sakundipumitsa ndi funso ili: pakati pa Everybody's Everything ya Lil Peep ndi Into the Abyss ya Juice WRLD, yoyenera kuthera bandulo ndi iti? Iliyonse imatenga pafupifupi maola awiri, ndiye si aliyense angakwanitse zonse ziwiri. Ndineneretu kuti mtima wanga uli kwa Juice. Nyimbo zake zinandiperekeza m'masiku ovuta, ndipo n'chifukwa chake filimu yakeyo ndili nayo mangawa.

Anyamata onsewa anali a ku America, anatchukira pa SoundCloud, tsamba la pa intaneti loikapo nyimbo, ndipo anamwalira ali ndi zaka 21. Peep, dzina lake lenileni Gustav Åhr, anafera m'basi imene ankayendera poimba ku Tucson, Arizona, pa 15 November 2017. M'thupi mwake anapezamo mankhwala amphamvu a fentanyl ndi Xanax. Juice, yemwe ndi Jarad Higgins wa ku Chicago, anagwa n'kuyamba kuphupha pa bwalo la ndege la Midway pa 8 December 2019, patangotha masiku 6 chikwanitsireni zaka 21. Madokotala anati chinamupha ndi mankhwala othetsa ululu a oxycodone ndi codeine.

Kumbali ya luso, ya Juice yapambana kutali. Mnyamata uja ankapeka mawu pompopompo, osalemba paliponse. Amene anaonera atakhala ola lathunthu akulakatula pa pulogalamu ya Tim Westwood mu 2018 akudziwa zomwe ndikunena, ndipo mufilimumu mphatso imeneyi ili ponseponse, mu studio ngakhale kumene akungocheza ndi anzake. Ya Peep nyimbo zimangomveka modutsa.

Chimene chinandiwawa ndi ichi. Tommy Oliver, amene anakonza Into the Abyss ya HBO mu 2021, anasonkhanitsa zithunzi zimene ojambula oyenda ndi Juice anajambula m'zaka zake zomaliza, n'kuzisiya zizidzilankhulira zokha, popanda wofotokoza. Ndiye mumaona mwana wa eni akumeza mapiritsi a Percocet kamera ili pamaso, kapu ya mankhwala a chifuwa osakaniza ndi zakumwa zotsekemera ili m'manja, maso akulemera, lilime likukoka. Pambali pake pali anthu, macheza akupitirira ngati palibe chikuchitika. Ine ndinkangodikira kuti wina adzuke, amulande botololo, ngakhale kumukalipira kumene. Mphindi zinkangopita.

Ena amati uku ndiye kunena zoona, ndipo sindikana kuti munthu wamkulu akaonera amatuluka mtima uli phee ndi mantha. Koma taganizani za mwana wa Fomu 2 amene akuonera pa foni usiku. Iye akuona ndege yapayekha, ndalama, khamu likuimba naye limodzi, chibwenzi chili pambali, ndipo mapiritsiwo ali pakati pa zokoma zonsezo kwa nthawi yaitali imfa isanatchulidwe. Za kumapeto, anzake akufotokoza mosweka mtima za ulendo wa pandege womaliza uja, zimafika mochedwa. Codeine yemweyu si wa ku Chicago kokha ayi. Achibale athu a ku Zimbabwe akudziwa mmene mankhwala a chifuwa otchedwa BronCleer, amene achinyamata amati bronco, asakazira ana m'makomboni a Harare. Lil Bibby, mkulu wa kampani ya Grade A imene inamutenga Juice, ananena pambuyo pake kuti mnyamatayo anali atavomera kupita kokalandira thandizo. Nkhondo yomukakamiza kuti avomereyo ndi imene ndinkafuna ikhale mtima wa filimu, osati kuwerenga mapiritsi.

Everybody's Everything, ya 2019, yokonzedwa ndi Sebastian Jones ndi Ramez Silyan, ili ndi chimene inzakeyo ikusowa: mawu a munthu wamkulu. Agogo ake a Peep, a John Womack, amene anaphunzitsa mbiri yakale pa yunivesite ya Harvard, ankamulembera mdzukulu wawo makalata, ndipo mufilimumu akuwerenga okha. Mukamva nkhalamba ikulankhula ndi Gus wake mwaulemu ndi mwachikondi chotero, zolembalemba (ma tattoo) zimene anali nazo kumaso simuzionanso, mumangoona mwana. Mayi ake, a Liza Womack, akuonetsa makanema a ubwana wake ku Long Beach, New York. Kenako mumaona chimene chinamudya pang'onopang'ono: sankatha kukana munthu. Nyumba yake ku Los Angeles inkadzaza ndi anthu ogona ndi kudya za iye, mwini wake n'kusowa popumira. Pamene mankhwala akuonekera, mwadziwa kale bala limene akuyesa kuphimba.

Nayonso ili ndi kachinsinsi kake koti mudziwiretu. Mmodzi mwa akuluakulu amene anayendetsa ntchito ya filimuyi ndi Sarah Stennett wa kampani ya First Access Entertainment, imene inkayang'anira ntchito za Peep. Mu October 2019, kutatsala mwezi kuti filimuyo ituluke m'makanema, mayi ake a Peep anakasumira kampani yomweyo kuti inanyalanyaza moyo wa mwana wawo. Kampaniyo inakana mlanduwo, ndipo nkhaniyo inatha mu 2023 mbali ziwirizo zitagwirizana. Choncho gawo lonena za usiku wa m'basi muja, pamene anthu ankayesa kuti wangogona, mulionere mukukumbukira kuti ena okhudzidwa analinso ndi dzanja pa filimuyo.

Kutukwana kuli konsekonse, musaonere ndi makolo pabalaza. Chingerezi cha mu ya Juice n'chovutirapo kumva, yatsani mawu olembedwa pansi.

Ngati bandulo ndi ya imodzi, tengani ya Peep, ndipo imeneyi mungathe kuonera limodzi ndi mng'ono wanu wa ku sekondale n'kukambirana mukamaliza. Ya Juice ndi ya inu amene munamukonda kale ndipo mwakula. Kwa mng'ono wanga sindingamupatse, ngakhale kuti woimba wanga pa awiriwa ndi Juice yemweyo. Akafuna kumudziwa, ndimuyatsira chimbale cha Goodbye & Good Riddance cha 2018, kenako ndimuonetse ntchito ya Live Free 999, bungwe limene mayi ake a Juice, a Carmela Wallace, anayambitsa kuti lithandize achinyamata olimbana ndi nkhawa ndi mankhwala ozunguza bongo.