Chambiko cha pa kashopu ka mkaka ku Boma, nditamwa kwa miyezi itatu

Ndalonjeza kalekale kuti ndidzanena za kashopu ka mkaka kaja kali kufupi ndi msika kuno ku Mangochi Boma, lero ndiye ndapeza mpata. Dzina sinditchula poti pali pena pomwe ndidandaulepo, koma amene mumayenda mbali imeneyo mukadziwa, kali ndi mafuliji awiri pakhomo komanso benchi yomwe a kabaza amapumirapo masana.

Chinandifikitsa kumeneko ndi mimbayi abale. Ndinapita kuchipatala mutu ukuwawa ine nkumati ndi malungo, kuyeza malungo palibe, BP ndiye inali itadutsa 140/90 yomwe amati ndi malire ija. A dokotala anatenga tepi ngati ya telala nkundizunguliza pamchombo, nkungopukusa mutu. Akuti mwamuna akadutsa masentimita 102 zinthu zafika poipa, mzimayi ndi 88. Anandifunsa kuti mumamwa chani kukatentha, ine nkuyamba kuwerenga, Fanta masana, Sobo madzulo, tiyi wa masupuni atatu a shuga mmawa, ndiye mukudziwa kutentha kwa kuno mu Okotobala, munthu umangofuna chozizira basi.

Ndiye ndinati zotsekemerazo ndizisiye ndizimwa chambiko. Kunyumba inali nkhani, alamu anga akuti mkaka ndi mafuta okhaokha munenepa ngati mvuu ya mu Shire, mkazi wanga akuti wamva pa Facebook kuti mkaka umatupitsa m'thupi. Kutupa akunenaku si kwa mwendo ukabinya ayi, nkwa mkatikati kosaoneka, mafuta a pamimba amatulutsa timadzi tina tomwe timapangitsa thupi kukhala ngati likulimbana ndi matenda tsiku ndi tsiku, ndipo pang'onopang'ono zimaononga mitsempha ya magazi nkupangitsanso kuti insulin, yemwe amatsitsa shuga m'magazi, asamagwire bwino ntchito. Amakuyeza ndi magazi, amayang'ana chinthu chotchedwa CRP chomwe chimapangidwa ndi chiwindi ndipo chimakwera m'thupi mukakhala kutupa. Pomwe ofufuza anatenga anthu onenepa nkuwaonjezera mkaka, yogati ndi tchizi kwa masabata kapena miyezi, kawirikawiri CRP yo sinakwere, komanso sinatsike kwenikweni. Ndinawauza madamu kuti onani, sukutupitsa, koma nanenso ndisadzinamize kuti ndapeza mankhwala.

Tsono chambiko chawocho. Ncholimba bwino, ukapendeka botolo chimatsika mwaulesi, osati zija zamadzimadzi zoti pamwamba payandama madzi achikasu pansi pali zibuma. Kuwawasa kwake nkoyenera, sikuluma kukhosi. Ine mkaka wamba umandivuta, ndikamwa kapu imodzi m'mimba mumalira ngati achule a ku Malombe kkkk, ndipo si ine ndekha, ambiri mwa ife tikakula thupi limachepetsa mphamvu yogaya shuga wa mu mkaka uja amati lactose. Mu chambiko tizilombo tabwino tija towawasitsa mkaka timakhala titadya kale gawo lina la shugayo nchifukwa chake chimakhala bwino m'mimba. Ndimamwa kapu imodzi cha m'ma 10 ndipo nsima ya masana ndimalekeza mitanda iwiri, kale inali itatu nkumayang'anabe m'mbale ya mwana. Kapu ya mkaka ya 250 ml imakhala ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 8, ndiye njala imachedwa kubwera, Fanta alibe olo pang'ono.

Mayi ogulitsawo ndi aulemu zedi. Tsiku loyamba ndinatola yogati wa sitiroberi, iwo nkuti "bambo, simunati mukuthawa shuga inu? Bwezani ameneyo, tengani choyerachi." Ndinatembenuza kabotolo kuwerenga kumbuyo, zoonadi shuga ali pa nambala 2 pa zomwe aikamo. A WHO amati shuga woonjezera asadutse magalamu 50 patsiku, masupuni ang'onoang'ono ngati 12, ndipo ukakhala pansi pa 25 ndiye bwino koposa, tsono tiyogati ta pinki timeneti ungomwa tiwiri waononga kale gawo lalikulu. Ana amatikonda, nkokoma inde, koma ameneyo ndi switi wa m'botolo. Wogulitsa wokuuza kuti usagule chinthu chake chomwe, pa zimenezi ndawapatsa ulemu.

Mwana wa achemwali anga yemwe akuphunzira za unamwino ndi amene anandiuza za kadyedwe kotchedwa DASH, komwe anakayesa ku America nkutulutsa zotsatira mu 1997, anthu ankadya zipatso, masamba ndi mkaka wochotsedwa mafuta, ndipo omwe anali ndi BP yokwera nambala ya pamwamba inatsika ndi pafupifupi 11. Koma taonani, mkakawo sunali wokha, panali masamba ndi zipatso zambiri. Mu 2024 a FDA, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala konko ku America, analola opanga yogati kulemba kuti kudya makapu awiri pa sabata mwina kungachepetse chiopsezo cha matenda a shuga, nkuonjezera okha kuti umboni wake ndi wochepa. Mawu oti mwina amenewo ndi omwe anthu amawadumpha akamatumizirana pa WhatsApp.

Pomwe pandinyansa ndi nkhani ya fuliji. Magetsi akazima tsiku lonse alibe jenereta kapena sola, ndipo kawiri konse ndagula botolo lotupa, kutsegula linachita phwii nkundithira pa shati, fungo lake ngati thobwa logonera masiku anayi. Ulendo woyamba anandisinthira, wachiwiri panali mnyamata wina yemwe anangoti chambiko chimakhala chowawasa kale achimwene. Iyayi aise, kuwawasa ndi kuola nzosiyana. Pano ndimayamba ndakhudza botolo, likakhala lofunda kapena chivindikiro chatukuka ndimalisiya. Komanso katundu amatha msanga, mkaka wambiri m'dziko muno umachokera uko ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu komwe kuli ng'ombe za mkaka, zathu zakuno ndi zija za linunda zotulutsa pang'ono, ndiye galimoto ikachedwa mupeza fuliji muli madzi ndi mafirizesi basi. Nthawi zina amagulitsanso mkaka wa m'chigubu wochokera kwa alimi, umenewo kawiritseni kaye musanamwe, muli TB ya ng'ombe ndi matenda ena a ziweto otchedwa brucellosis mukachita masewera.

Mtengo ndiye ukuluma, botolo limodzi ndalama yake ukhoza kugula mulu wabwino wa usipa, ndipo usipa timadya ndi minga yomwe ndiye calcium alimo kale, musamve ngati mukapanda mkaka mafupa aphwanyika. Ine ndimagula katatu pa sabata pomwe kale ndinkagula zakumwa tsiku lililonse, ndiye thumba silinasinthe kwenikweni.

Lamba ndabweza bowo limodzi, BP yatsikako koma mapilitsi ndikumwabe mmawa uliwonse, ndipo madzulo ndimayenda wapansi kuoloka buliji ya Bakili Muluzi nkubwerera, mchere ndinachepetsanso, ndiye ndinganame kunena kuti ndi chambiko chokha. Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zitatu ndi theka. Mukapita pitani mmawa fuliji isanatsegulidwetsegulidwe, ndipo funsani ngati magetsi anagona oyaka.