Ukwati mu myuziyamu: mkati mwa zionetsero, holo yapadera kapena tenti panja?

Ma myuziyamu ambiri masiku ano akudalira ndalama za maukwati ndi ma dinner a makampani, nde funso kwa ife okonza malowa nlakuti anthuwo tiwaike pati. Njira zilipo zitatu ndipo sizofanana ai.

Yoyamba nkuwalowetsa momwe muli zinthu zakale momwemo. Iyi ndiye imakoka makasitomala chifukwa wolipira amafuna zithunzi zake zituluke ndi chinthu choti kwina kulibe. Ku Natural History Museum ku London, mu Hintze Hall, mu 2017 anachotsa Dippy, chifanizo cha mafupa a dinosaur chomwe chinali pansi, nkupachika mmwamba mafupa a namgumi otalika mamita 25, moti pakati ponse panatsala poyera, matebulo amalowa bwinobwino ndipo olo munthu aledzere bwanji sangachifikire. Ku myuziyamu ya Met ku New York amadyera pafupi ndi Temple of Dendur, kachisi wakale wochokera ku Egypt, koma imeneyo ndi miyala. Zinthu zambiri za mu ma myuziyamu athu ndi zamitengo, zikopa, nsalu, nthenga, ndipo anthu akadzaza nkuyamba kuvina thukuta kamukamu chinyezi chimakwera, nyenyeswa za keke zimaitana mphemvu ndi makoswe, masipika a DJ amagwedeza magalasi a zionetsero. Komanso kuyala matebulo kumayamba myuziyamu ikatsekedwa ndipo kukamacha pakhale pokolopa kale ana asukulu asanafike, ogwira ntchito amatopa nazo heve.

Yachiwiri, holo yapadera yokhala ndi khomo lakelake, kitchini ndi zimbudzi zake. Kumanga nkodula, izi sindikukana, ndipo ikamangidwa mwachisawawa imangofanana ndi holo ya pa tchalitchi, munthu nkumafunsa kuti ndikulipiriranji zambiri. Koma mutha kuibwereketsa olo Loweruka masana alendo akuyendabe mbali inayi, zitseko za ku zionetsero nkukhoma, mlonda mmodzi wakwana, perekaniperekani nkumachitika osaopa kuti wina agunda kabati.

Tenti panja ndiye yotchipa. Malo ngati ku myuziyamu ya ku Chichiri ku Blantyre kuli mutu wa sitima yakale panja pomwepo, zithunzi zimatuluka bho. Kungoti kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi matope, ndipo jenereta ndi zimbudzi zimakhala zochita kubwereka nthawi zonse.

Ine ndikanati ndikumanga ndikanasankha holo yapadera, koma khoma limodzi likhale lagalasi loyang'ana chinthu chimodzi chachikulu chosaopa chinyezi, kaya injini yakale kaya mwala, anthu achione akudya koma asachikhudze. Ndipo chonde khomo la a catering muliganizire pa pulani pomwepo, likhale kumbuyo koti galimoto ifike pafupi, mapoto a mpunga ndi nkhuku asamadutse pakati pa zionetsero. Masoketi a magetsi ikani pansi ambirimbiri, apo bii mawaya a DJ aziyenda pansi pa mipando ya alendo.