Zida zoswera ayezi pakhomo ku Calgary

Abale kumudzi, mukamaona zithunzi za chipale choyera mbuu kuno ku Canada, dziwani kuti chipalecho sichivuta kwenikweni. Chikangogwa chimakhala chofewa, fosholo ya pulasitiki imachikankha bwinobwino. Chovuta ndi ayezi. Kuno ku Calgary kumawomba mphepo yofunda yochokera kumapiri a Rocky, yotchedwa Chinook, imene imatha kukweza kutentha ndi madigiri 15 kapena 20 tsiku limodzi. Chipale chimasungunuka masana, usiku madziwo n'kuumanso gwa, ndipo zikabwerezabwereza pakhomo pamayalika ayezi wochindikala masentimita 5 mpaka 10. Lamulo la mzinda limati kanjira ka oyenda pansi kodutsa pakhomo panu mukakonze pasanathe maola 24 chipale chitasiya kugwa. Ambiri amene amachita lendi amapeza kuti landilodi anawasiyira ntchitoyi m'pangano la nyumba.

Chida chenicheni ndi chimene m'masitolo ngati Canadian Tire amachitcha ice chopper. Ndi chitsulo chaphanthiphanthi, mulifupi pafupifupi masentimita 18, cholumikizidwa mowongoka ku mpini wotalika kufika pachifuwa. Sankhani cholemera, chachitsulo chochindikala. Zopepuka zija zimapindika kukamwa ndipo zimangodumpha pa ayezi, inu n'kumamva kuwawa m'zigongono.

Kagwiritsidwe kake ndi kamene kamasiyanitsa wodziwa ndi mlendo. Mlendo amayamba pakati, kumenya ndi mphamvu zonse, n'kungoboola timaenje toyera. Yambani m'mphepete, pamene simenti ikuonekera. Ngati ayeziyo ndi wopyapyala, pendeketsani chitsulo chigone pang'ono, muchikankhe chilowe pakati pa ayezi ndi simenti, amakanganuka yekha. Akakhala wochindikala, imikani chitsulo chilili, masentimita ngati 15 kuchokera m'mphepete, muchikweze ndi kuchisiya chigwe ndi kulemera kwake, monga musi mu mtondo. Mukamenya katatu kapena kanayi motsata mzere umodzi, mumva kulira kwake kwasintha, kuchoka pa kulimba kufika pa phokoso la chinthu champhako. Ndiye kuti pansi pasiyana. Lowetsani chitsulo mumng'alumo, mutembenuze, chibanthu chonse chimadzuka. Mapazi azikhala motalikirana, chifukwa chitsulochi chikaterereka chimafuna chala.

Mchere umathandiza, koma anthu amauthira mowononga. Dzanja limodzi limakwanira malo a mita imodzi mbali zonse. Ntchito yake si kusungunula ayezi yense ayi, koma kuboola mpaka pansi kuti amasuke ku simenti. Thirani, dikirani mphindi 20 kapena 30, kenako bwerani ndi chitsulo. Mchere wamba umafooka kuzizira kukapitirira madigiri 10 pansi pa ziro, ndipo kuno kumafika ndi pa 30 pomwe. Pamenepo gulani mchere wamtundu wina wotchedwa calcium chloride, apo ayi ingowazani mchenga kuti anthu asaterereke, mudikire tsiku lofundirapo. Simenti yatsopano, yosakwana chaka, musaithire mchere, imasuwa pamwamba. Madzi otentha ndiye musayerekeze: mawa mudzapeza pasalala kuposa dzulo.

Polowera galimoto, pamene mathirakitala okonza msewu amasiya mulu wa chipale chouma wosakanikirana ndi miyala, pamafunika piki kapena chitsulo chachitali chokumbira maenje. Koma piki imaswa simenti ndi phula, choncho isiyeni mukatsala pang'ono kufika pansi, mumalize ndi ice chopper ija. Pa masitepe a matabwa chitsulo chisafikepo n'komwe.

Zibanthu zoswekazo nyamulani ndi fosholo yachitsulo, ya pulasitiki imang'aluka. Zitayeni pa kapinga, kumunsi kwa kanjirako, chifukwa mukaziunjika kumtunda zidzasungunuka n'kubwerera pomwepo. Muonenso paipi yotsitsa madzi a padenga. Nthawi zambiri ayezi wochindikala kwambiri amakhala pamene paipiyo ikulavulira, ndipo kungoilozetsa ku kapinga kumachepetsa ntchito ndithu.

Valani magalasi, tizidutswa timathethekera m'maso. Pansi pa nsapato mangani timalamba tokhala ndi timano tachitsulo. Ntchitoyi imatopetsa mtima kuposa mmene imaonekera, makamaka kwa odwala BP, ndiye gwirani pang'onopang'ono chakumasana, dzuwa litafewetsako pamwamba. Mukamaliza tsukani mchere pa chitsulo, mupukute, mupakepo kaoyilo kuti chisachite dzimbiri. Chikabuntha chinoleni ndi tupa mbali imodzi yokha, koma osati mpaka kuthwa kwambiri, chifukwa kukamwa kopyapyala kumabenthuka kukangogunda simenti.